Tizingwe ta Ti Firmino

Zenaida ankatsuka magalasi osambirira m'beseni kuseri kwa nyumba pamene mchimwene wake Valdir anatulukira, foni ili m'manja, nsapato zake za ku Ulaya zitatuwa kale ndi fumbi la ku São Pedro.

"Ukutsukiranso ndani amenewo?"

"Mchere ukakhalitsa umadya mphira."

"Udye. Mwiniwake watsopano akagula ena."

Zenaida sanadzutse mutu. Bambo awo, Ti Firmino, anagwa pamchenga Lolemba m'mawa akukoka bwato, ndipo poti kuno maliro sagonera kawiri, anaikidwa Lachiwiri. Valdir anatera ndi ndege Lachitatu kuchokera ku Rotterdam, kwa Adatchi, n'kupeza dothi la pamanda litauma kale. Anali atatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osaponda kwawo, koma pofika Lachisanu lomweli anali atakonza kale moyo wa aliyense m'nyumbamo.

"Ndalankhula ndi bwana uja wa ku Mindelo, wa maboti oyera aja," anatero Valdir. "Abwera Lolemba masana, Misa ya tsiku lachisanu ndi chiwiri ikatha. Akufuna bwato, injini ndi malo a bambo pagombe. Amayi ndipita nawo. Iwe akuti akupezera ntchito kuhotela."

"Yoyala mabedi."

"Ntchito ndi ntchito, iwe."

"Achimwene, injini ija ndayendetsa ine zaka zisanu ndi ziwiri. Mwala uliwonse m'madzi muja ndimaudziwa."

"Unkayendetsa bambo ali pompo. Pawekha, amuna a pagombe paja akupatsa mpata? Usamadzinamize."

Zenaida anapsa mtima, koma anaopanso, ndipo mantha ndiwo anakula. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, wopanda mwamuna, wopanda mwana, ndipo chimene ankadziwa padziko lino chinali chimodzi: kutenga alendo pabwato n'kukawasambiritsa ndi akamba a m'nyanja. Bwatolo likapita, iye atsala munthu wopukuta magalasi a m'bafa za anthu ena. Ndipo amayi awo, Nha Bibia, akanamukanira bwanji Valdir, mwana amene anawamangira chipinda chapamwamba?

"Bambo sakanalola," anatero motsitsa mawu.

Valdir anaseka kuseka kouma. "Bambo? Kale akamba ankawagulitsa pa kilo, masiku ano pa ola. Chinasintha n'chiyani?"

Mawuwo anali ndi kwawo kochokera, ndipo m'mudzimo aliyense wa imvi ankakudziwa. Boma lisanaletse, Ti Firmino ndiye anali wopha akamba wotchuka pagombe lonse. Akagwira kamba ankamugoneka chagada, n'kuboola zipsepse zakutsogolo ndi chitsulo, kupisamo chingwe, kumanga, n'kumusiya pamthunzi kudikira mpeni. Tsiku lina Valdir, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anamasula mmodzi n'kumukankhira m'madzi. Ti Firmino anamukwapula ndi chingwe chomwecho pamaso pa asodzi onse. Zipsera za pamsana zinapola, koma kuyambira pomwepo mnyamatayo ankalankhula ndi bambo ake atayang'ana kumbali.

Nha Bibia anali pakhomo la khitchini, atavala zakuda, akusankha chimanga chophikira kachupa, chakudya chosakaniza ndi nyemba chodyetsa anthu odzapepesa maliro. Anamva zonse. Anakhuthulira chimangacho mumphika asanatsegule pakamwa.

"Kugulitsa gulitsani. Koma iwe Valdir, nkhope ya bambo ako sunaione, ndipo kumanda kuja kulibe choti uone. Lolemba tikachoka ku Misa, mlongo wako akutengere kumene bambo ako ankaswera tsiku lililonse. Ukabwerako, pepala lililonse ndisayina."

"Amayi, ine za akamba sindi..."

"Sindinakufunse ngati ukufuna."

Lolemba kunacha ndi mphepo yochepa, chinthu chosowa ku São Pedro. Bwato la wakufa silikhudza madzi Misa isanachitike, choncho linali litakhala sabata yathunthu pamchenga, utoto wake wofiira ndi wachikasu utakutidwa ndi fumbi. Ti Ludgero, msodzi wokalamba amene anakula ndi Ti Firmino, anawaona akubwera n'kulavula.

"Ee, Mdatchi wafika! Zenaida, um'patse mpando wapakati ameneyo, asatisanzire m'nyanja mwathu."

"Ndinabadwira pano, Ti Ludgero."

"Tikudziwa. Ndi miyendoyo imene yayera ngati ya nkhuku yosola. Bwerani anyamata, tikankhe!"

Amuna anayi anaika mapewa pabwato. Zenaida anakoka chingwe cha injini kawiri, kachitatu inalira.

Pafupi ndi gombe maboti ena anali ataunjikana kale. Eni ake ankaponya matumbo a nsomba m'madzi, akamba ang'onoang'ono akulimbirana, alendo akukuwa, ena akugwira zigoba, wina atakwera ndithu pamsana pa kamba kuti mkazi wake amujambule. Zenaida anawalambalala onsewo n'kulunjika kumiyala ya kunsi kwa nyumba ya nyali younikira zombo.

Valdir anasuzumira pansi pa mipando. "Chidebe cha nyambo chili kuti?"

"Mulibe."

"Waiwala?"

"Sitinatengepo."

"Ndiye akambawo abwera bwanji, uwaimbira foni?"

"Amadzadya ndere pamiyala apo, akafuna. Ife timangodikira."

"Nanga akapanda kufuna?"

"Alendo amabwerera atakwiya. Zimachitika."

Valdir anapukusa mutu, ndipo Zenaida anadziwa chimene akuganiza: ndi bizinesi imeneyi imene ukulirira? Anazimitsa injini, n'kuponya nangula. Kunangoti zii, kupatula madzi omenya m'mbali mwa bwato.

Anam'patsa magalasi ndi kapaipi kopumira. Kenako anasolola chitini chakale cha mabisiketi pansi pa mpando wakumbuyo. Munali tizingwe tabuluu tosuluka, kalikonse kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuchala, kali ndi mfundo mbali zonse ziwiri. Zenaida anatenga kamodzi kakuda bii chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ka Valdir sanakatenge m'chitinimo. Anakwawira kutsogolo kwa bwato n'kumasula kena kamene kanali kokoleka pamsomali, pansi pa thabwa.

"Lamulo la m'bwato muno ndi limodzi," anatero, ndi mawu omwewo amene ankauza alendo. "Manja kumbuyo, mfundo imodzi dzanja ili, ina dzanja ili. Mumasambira ndi miyendo yokha. Mukataya kachingwe, mwatuluka m'madzi."

Valdir sankamvetsera. Ankatembenuza kachingweko m'manja, akuyang'ana mfundoyo, yopinda kawiri, nsonga yotenthedwa ndi moto. Nkhope yake inasintha.

"Ukuchidziwa chingwe chimenechi?"

"Ndikuchidziwa."

"Sukuchidziwa! Unali ndi zaka zitatu iwe. Ine ndimachidziwira pamsana."

"Bambo anachidula okha, tsiku loyamba kutenga alendo. Chinakhala padenga zaka zonse zija. Ankati chamanga zosalakwa zokwanira, tsopano chizimanga manja a anthu."

"Mawu okoma. Azungu ankaombera m'manja?"

"Ena ankatukwana n'kukakwera boti lina. Lowani m'madzi, achimwene. Amayi afunsa."

Valdir anavula malaya mwaukali n'kudziponya. Zenaida anatsatira, atagwira kachingwe kakuda kaja, ka bambo ake.

Madzi anali ozizira, oyera mpaka pansi. Anayandama chafufumimba moyandikana, manja kumbuyo, akupumira m'timapaipi. Pansi panali miyala, ndere zikugwedezeka, tinsomba tamizeremizere, basi. Mphindi khumi zinapita. Zina khumi. Ndege inadutsa pamwamba pawo ikukatera kuseri kwa mudzi. Zenaida anaona mchimwene wake akudzutsa mutu kuyang'ana kumtunda, ndipo mtima wake unagwa. Masiku otere ankawadziwa. Bambo ake ankawalandira mosatekeseka, koma iwo sankadikira bwana wa ku Mindelo masana ake. Kwa nthawi yoyamba analakalaka akanabisa ngakhale mutu umodzi wa nsomba m'thumba. Anachita manyazi ndi ganizolo, n'kufinya mfundo zija mpaka zala kuwawa.

Valdir anali atayamba kutembenukira kubwato pamene mwala wina pansi paja unasuntha.

Anali kamba wamkulu, chigoba chake chotambalala ngati chitseko cha khola, chomera tinkhono m'mphepete. Anabudula ndere kawiri katatu mosafulumira, kenako anayamba kukwera kudzapuma mpweya, akupalasa pang'onopang'ono, kulunjika pomwe panali anthu awiriwo. Atatambasula chipsepse chakumanja, kuwala kwa dzuwa kunadutsa pabowo lozungulira, lakale, lopola bwino.

Zenaida sanayang'ane kambayo, anali atamuona kambirimbiri. Ankayang'ana mchimwene wake. Anaona phewa lake likugwedezeka, dzanja lamanja likufuna kupita kutsogolo, ndipo kachingwe kanakungika n'kulibweza. Kambayo anadutsa pafupi kwambiri moti madzi a chipsepse chake anawakankha pankhope. Anatulutsa mutu, anapuma kamodzi, n'kumira kubwerera ku ndere zake.

M'bwato Valdir anakhosomola nthawi yaitali. Anati wamwa madzi kudzera m'kapaipi. Zenaida anam'patsa thaulo.

"Chipsepse chija," anatero Valdir pomaliza.

"Bambo ankamutcha Wa Valdir."

"Zabodza. Zaka makumi atatu? Sangakhale yemweyo."

"Kaya. Inenso ndinawauza kuti akamba obooledwa analipo ambirimbiri, adziwa bwanji. Anandiyankha kuti obooledwa anali ambiri, koma wothawa anali mmodzi."

Valdir anayang'ana m'madzi.

"Mlendo aliyense bambo ankamuuza," anapitiriza Zenaida. "M'Chifalansa chawo chothyokathyoka chija, pena ndi manja. Ankati, uyu anamasulidwa ndi mwana wanga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ine ndinam'kwapula. Mawu omalizawo sankawasiya. Ine ndinkachita manyazi, ndinkati bambo, zinazo muzisiya, anthu abwera kudzasangalala. Iwo ayi, tsiku ndi tsiku, nthawi zina kawiri pa tsiku."

"Pafoni ankangondifunsa ngati kukuzizira."

"Akafunsa zimenezo ankandipatsa foniyo n'kutuluka panja. Munkaganiza kuti akupita kuti? Ankakaima kuseri kwa thanki ya madzi mpaka titamaliza."

"Akanangonena."

"Akanangonena, eya. Inunso mukanangobwera."

Zenaida anamva chisoni chachikulu, osati cha bwato tsopano, koma cha amuna awiri ouma mitu amene anafanana mpaka kulephera kuonana. Anatola magalasi n'kubwezera kachingwe ka bambo ake m'chitini. Atatambasula dzanja kuti alandire kenako, Valdir anali akukayang'anabe.

"Bwanji aka sikakhala m'chitinimo?"

"Sikanagwiridwepo ndi mlendo. Bwato likadzaza, tizingwe n'kuperewera, ankamangitsa munthu ndi lamba wa kabudula wawo, koma ako ayi. Ankati kali ndi mwini wake."

Valdir sanakabweze, ndipo Zenaida sanafunsenso. Anazula nangula n'kuliza injini.

Pamtunda galimoto yoyera inali itaima kale pafupi ndi maukonde. Bwana wa ku Mindelo anatsikamo, atavala magalasi akuda, envelopu yaikulu ili m'khwapa. Chapatali, pamthunzi wa khoma, panali Nha Bibia ndi zovala zawo zakuda. Amuna aja analowa m'madzi mpaka m'mawondo kudzakoka bwato, Ti Ludgero akukuwa kuti, "Wasanza kangati Mdatchiyo?"

Zenaida anatsala m'mbali mwa bwato akukulunga chingwe cha nangula. Anaona mchimwene wake akukwera mchenga, wopanda nsapato, msana uli pamtunda, madzi akudontha. Ankayenda atawerama pang'ono, manja ali kumbuyo.

"Mayi Maria!" anatero Ti Ludgero chapansipansi, akudzilemba chizindikiro cha mtanda. "Kayendedwe ka Firmino kenikeni."

Bwana uja anamwetulira, anasolola pepala m'envelopu, n'kutambasula dzanja lili ndi cholembera. Analankhula, analozera bwato, analankhulanso. Mphepo inali itayambiranso, ndipo Zenaida sanamve mawu ngakhale amodzi. Anangoona Valdir akupukusa mutu kamodzi, mwaulemu, n'kuloza ndi chibwano kumene kunali mlongo wake.

Cholemberacho chinakhala m'malere kanthawi, kenako chinabwerera m'thumba la mwini wake. Manja a Valdir sanachoke kumbuyo. Pakati pawo, kachingwe kabuluu kanali katakungika, mfundo imodzi dzanja ili, ina dzanja ili.