Ayisi Womira

Ku fakitale ya ayisi ankawatcha a Chisanu, chifukwa manja awo sankafunda ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anakalambira m'chipinda chozizira, akudula zibulumwa za ayisi ndi sowo n'kumazikweza m'magalimoto.

Mwana wawo wamkazi womaliza ankagwira ntchito mu labotale ya pakoleji, kukonzera aphunzitsi zipangizo. Tsiku lina masana a Chisanu anamupititsira makiyi a kunyumba amene mwanayo anawaiwala. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, akuopa kugunda mabotolo.

"Lowani, bambo, saluma," anatero mwanayo akuseka. "Mwabwera bwino. Ndikufunseni: ayisi mukamuponya m'madzi amatani?"

"Wayamba kundiyesa? Amayandama. Ngakhale chibulumwa cholemera ngati iweyo chimayandama."

Mwanayo anathira madzi ozizira mu tambula, n'kutulutsa tizidutswa tiwiri ta ayisi mu firiji. Koyamba kanamira pang'ono n'kubwerera pamwamba. Kachiwiri kanatsika pang'onopang'ono mpaka kanakagunda pansi, n'kukhala phee.

A Chisanu anawerama, mphuno pafupi ndi tambula. Anadikira kuti kadzuke, koma sikanadzuke.

"Waikamo mwala."

"Kavuuleni muone."

Anakavuula ndi zala, n'kukayang'ana pawindo. Kanali koyera mbee, kozizira, koterera, ayisi weniweni. Atakabwezera, kanamiranso. Anakoka mpando n'kukhala.

"Ndiye si madzi amenewa."

"Ndi madzi, bambo. Amawatcha madzi olemera, ndipo tinachita kuitanitsa kabotolo kamodzi kokha."

Anawafotokozera modekha kuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu tosaoneka totchedwa maatomu, ndipo madzi ndi maatomu a haidirojeni ophatikana ndi a okosijeni. Pakati pa atomu pamakhala timbewu totchedwa mapulotoni. Haidirojeni ali ndi pulotoni imodzi, okosijeni ali nawo asanu ndi atatu.

"Chiwerengero chimenecho ndiye chimanena kuti uyu ndi ndani. Mukawonjezera pulotoni imodzi pa haidirojeni, wasanduka heliyamu, mpweya wa m'mabaluni uja."

"Imodzi yokha?"

"Imodzi yokha. Koma palinso timbewu tina, manyutuloni. Amenewo sasintha mtundu, amangowonjezera kulemera. Haidirojeni wamba alibe nyutuloni. Wa m'kachidutswa aka ali nayo imodzi, basi. Ndi haidirojeni yemweyo, koma wonenepa."

"Ngati amalume ako," anatero a Chisanu, koma sanaseke. Maso anali pa tambula. Ankaganiza za zibulumwa zonse zimene anazinyamula pamapewa chiyambire unyamata wawo, osadziwa kuti kuyandama kwake kunkadalira kanthu kochepa chotero, koti ngakhale fumbi ndi phiri poyerekeza. Thupi linawachita tsembwe, ngati mmene linkachitira ali mwana akayang'ana m'chitsime chakuya.

"Amawapanga ndani madzi amenewa?"

"Sawapanga, amangowasefa. Ali m'madzi alionse, pang'ono kwambiri. Pa maatomu a haidirojeni masauzande angapo, imodzi imakhala yolemera. Ali m'mvula, ali mu ayisi wanu, alinso m'magazi mwanu."

A Chisanu anatambasula manja awo osweka ndi chisanu n'kuwatembenuza, ngati kuti akuwaona koyamba.

Kachidutswa kaja kanayamba kuchepa pansi pa tambula. Iwo anakayang'anabe mpaka kanatha. Madzi anatsala oyera ngati poyamba, osaonetsa kuti munali kanthu. Nthawi yawo yopuma ku fakitale inali itatha kalekale, koma sanaiganizire.

"Katsala kena?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kamodzi. N'ka ophunzira a mawa m'mawa."

Anaimirira, n'kuika makiyi patebulo, n'kuvala chipewa. Atafika pakhomo anacheuka.

"Ukawapemphe aphunzitsi akowo kuti ndidzaonere nawo mawa, mwanangu. Ndidzakhala kumbuyo kwenikweni, sindidzasokoneza."