Manda a ku Hawaii Pakhoma la ku Oadby

Chithunzi chitangowala pakhoma, ndinachizindikira nthawi yomweyo. Anali mayi Pualani, atagwada pamiyala yakuda, nkhope itanyowa ndi misozi. Pansi pake analembapo m'Chingerezi kuti: bwerani mudzasinthe miyoyo.

Anthu mu holo ya ku Oadby, kuno kudziko la Angerezi, anausa moyo mwachifundo, ena mpaka kugwira pachifuwa. Munali mu Novembala 2018, ndipo ife ophunzira a payunivesite tinkafotokozera makolo ndi aphunzitsi za ulendo wathu wa ku Hawaii, kumene tinakakhala ndi eni nthaka kuti tigwire nawo ntchito ndi kuphunzira chikhalidwe chawo.

Kusintha miyoyo, ife? Mayi Pualani ndi amene anatilandira pakhomo pawo. Anatiphunzitsa kuponda matope m'dimba la koko, amene iwo amamutcha kalo, ndipo zambiri zimene tinabzala anachita kuzula n'kubzalanso, osadandaula. Tsiku lotsanzikana anatitengera kumtunda kumene kunagona makolo awo. Pachipata anaima n'kunena momveka bwino: "Mafoni m'thumba. Kuno sindibweretsako alendo, koma inu mwadya nafe." Tonse tinavomera, ngakhalenso Eugene, mnzathu amene kamera sinkachoka m'khosi mwake.

Ndinaimirira. Parveen, amene anakhala pambali panga, anandikoka juzi, koma ndinamuchotsa dzanja.

"A Lorraine, chotsani chithunzicho."

A Lorraine, otsogolera ulendowo, anamwetulira ngati akunyengerera mwana. "Mafunso ndi kumapeto, Anganile."

"Si funso. Awo ndi manda. Mwiniwake anakana, inu muli pomwepo."

"Eugene anajambula mwaulemu kwambiri," anatero mofatsa. "Ndipo iweyo, poti unachokera ku Africa, uyenera kudziwa kuposa tonsefe mmene anthu oterewa amasowera thandizo."

Anthu oterewa! Sindikumbukira kuti ndinadutsa bwanji pakati pa mipando. Ndinangoona chingwe cha projekita chili m'manja mwanga, khoma lili mbee. Holo yonse inati zii. Eugene anali akuyang'ana nsapato zake.

Uthenga wondiitana kukayankha mlandu wosokoneza msonkhano unandipeza kunyumba ku Highfields. Amayi anali atangoweruka kumene amasamalira okalamba, yunifolomu ili m'thupi.

"Ndinachoka ku Karonga n'kudzasambitsa nkhalamba za eni kuti iwe uziphwanya maprojekita?"

"Sindinaphwanye, amayi. Ndinangozula chingwe."

"Ukapepese. Kuno ndi kwa eni ake. Akakuchotsa sukulu, digiri ukaipeza ku Hawaii?"

"Akanakhala manda a adadi? Inuyo mutagwada mukulira, wina n'kukuikani pakhoma kuti aitanire anthu ulendo?"

Amayi anakhala pampando. Anavula nsapato imodzi, inayo n'kuiiwala.

"Aimbire mayiwo," anatero potsiriza. "Amve kwa iwe, asachite kuchipeza pa intaneti."

Kwa ife kunali madzulo, kwa iwo m'mawa. Mayi Pualani anayankha ali kudimba, ndipo ndinkamva madzi akuyenda mumfuleni. Ndinawauza zonse. Sanakweze mawu. Anangofunsa kuti anachiona ndi anthu angati, ndipo ndinati holo inali yodzaza.

"Uwauze kuti chaka chamawa asabwere."

"Nanga ine? Ndingabwere ndekha, ndidzapepese pamaso panu?"

"Unabwera nawo basi imodzi, mwanangu."

Foni inaduka. Ndinkafuna kuiponyera kukhoma. Sindinawakwiyire iwo, ndinakwiyira amene anandikweza basi imeneyo, n'kunditsekera khomo limene ndinadyapo ndi manja ngati kwathu.

Kumlandu sindinapepese. Akuluakulu anandichenjeza, ndipo anati nkhani yanga inali yomveka koma njira yake inali yolakwika. Eugene sanaitanidwe n'komwe. A Lorraine analonjeza kuti chithunzicho achifufuta, ndipo pasanathe mwezi anali atapeza kale mudzi wina pachilumba china wolandira ophunzira.

Mu Januwale, ndikuthamangira kalasi, ndinaona chikwangwani chatsopano cha ulendowo pafupi ndi laibulale. Anasungadi lonjezo: mayi Pualani panalibe. Mawu anali omwe aja. Pamwamba pake panali ineyo, matope mpaka m'mawondo, duwa kukhutu, ndikuseka mano onse pamtunda. Eugene anali ataima pamzere wouma wa dimbalo, malaya ake oyera bwino, akundipatsa dzanja kuti ndituluke.

Atsikana awiri a chaka choyamba anali akuchiyang'ana. Ndinaima kumbuyo kwawo, nditavala jekete ndi chipewa cha chisanu.

"Taona mmene wasangalalira," anatero mmodzi, akugunda ndi chala nkhope yanga pachikwangwanipo. "Komatu alibe chilichonse."

Anatembenuka, osandizindikira n'komwe, n'kundipempha kuti ndisunthe pang'ono ajambule.