Malovu a Makaniko

Ntchito ya mayi wina ku labotale inali yoti ukayamba kuifotokoza, womvera amayang'ana kukhomo. Ankatenga jini, kachidutswa ka malangizo achibadwa, yopanga puloteni ya m'malovu a munthu n'kuilumikiza mu pulasimidi, kamkombero kakang'ono ka DNA. Kenako ankailowetsa m'maselo a nyama amene ankawaweta m'mabotolo a madzi ofiirira. Maselowo akavomera ankatulutsa puloteniyo, yomwe mwina tsiku lina idzathandiza odwala ouma m'kamwa.

Mwamuna wake, makaniko wa pagalaja, analibe nthawi ya zonsezo. "Akazi anga amaweta malovu," ankauza anzake.

Labotale itafuna anthu odzipereka kupereka malovu, makanikoyo anabwera ndi ovolosi yake ya girizi, n'kulandira kachubu.

"Adokotala, kunyumba mumandiletsa kulavula. Lero mukuchita kundipempha?"

"Lavulani, bambo a mwana, anthu akudikira."

Mwa onse amene anapereka, jini yochokera kwa iye ndi imene inagwira bwino. Bamboyo ananyada mwezi wathunthu, ati m'banja lawo ngakhale malovu ndi ophunzira.

Chaka chotsatira mtima wake unangoima ali pansi pa galimoto, sipanala ili m'manja. Anzake anaganiza kuti wagona.

Maliro atatha, mayiyu anabwerera kuntchito n'kupeza maselo okhala ndi jini ya malemuyo ali moyo m'kabati yawo yofunda, akupangabe puloteni ija ngati palibe chachitika. Anayamba kuwasinthira madzi yekha, osalola wina kuwakhudza. Ngakhale Lamlungu ankabwera. Anzake ankaona, koma ankangomusiya.

Tsiku lina a Pulofesa, mkulu wa labotaleyo, anamuitana. Anayamba ndi kufunsa za mwana, za apongozi, mpaka nkhani zinawathera.

"Mayi, talandira pulasimidi yatsopano, ndipo ikutulutsa puloteni yambiri kuposa yathuyi. Komanso nthawi imene tinalonjeza odzipereka aja yakwana. Zonse zochokera kwa iwo ziyenera kuwonongedwa."

Mayiyu anangoyang'ana manja ake.

"Ndikudziwa kuti ndi za ndani," anapitiriza a Pulofesa. "Ndiuze wina achite?"

"Ayi bwana. Ndichita ndekha."

Anavala magolovesi, n'kuika botolo loyamba pa maikulosikopu. Maselo anali atayala bwino pansi, onenepa, ogwirana. Anawayang'ana mpaka maso anachita chidima. Kenako anathira mankhwala ophera tizilombo, ndipo madzi ofiira aja anayera pang'onopang'ono. Anachita chimodzimodzi ndi mabotolo ena onse. Timachubu ta pulasimidi ta mufiriji anatiika m'makina ophikira zinthu ndi nthunzi, n'kutseka chitseko, n'kukhala pampando pambali pake mpaka makinawo anasiya kulira.

Maselo atsopano anakula popanda vuto. Mmawa wina anawasinthira madzi, napukuta tebulo, ndipo madzulo anaweruka limodzi ndi anzake, koyamba chimwalirireni mwamuna wake.

Misozi inamupeza pasiteji ya basi. Mayi wina wachikulire amene anaima pafupi, wosamudziwa n'komwe, anamugwira pamkono.

"Mwanawe, wafedwa?"

Iye anagwedeza mutu kuvomera.

"Liti?"

Anaganiza za tsiku la pagalaja lija, komanso za tsiku limene anathira mankhwala m'mabotolo aja. Basi inafika n'kudzaza, ndipo awiriwo anaisiya kuti ipite.