Nshawa Imodzi Yotsala m'Chitenge

Kalata inadzela ku sukulu ya pulaimale mu Disembala 1978, ndipo Febby anaiwelenga kawili asanawauze amake. Sukulu ya manesi ya pa mishoni, kupitilila Petauke, inali ndi malo makumi atatu okha, koma ofunsila anali oposa mazana anayi. Febby, ndi divishoni fili yake yotsika ya Fomu 3, anamuika pa odikila, nambala yachinayi.

Amakewo, amai Consolata Daka, sukulu anailekela mu Sabu B, chaka chachiwili chokha, koma kwa Luembe konse panalibe kalaliki wogula nshawa amene anawagonjetsapo pakamwa. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati a kumishoni akana kapena sanakane. Febby anati sanakane, koma aphunzitsi anena kuti nambala yachinayi n'chimodzimodzi kukana.

"Aphunzitsiwo anayamba agulitsapo chiyani? Manga bulangeti."

Nthawi panalibe. Bambo a Febby anamwalila kale, ndipo amalume ake anali atayamba kumvana ndi mwamuna wina wolima thonje wa kwa Kalindawalo, amene mkazi wake anamwalila n'kusiya ana asanu. Mtsikanayo akanakhala pamudzi mpaka kukolola, bwenzi atapita kukalela anawo.

Anafika pa mishoni mu Januwale, mvula ili pakati. Mkulu wa sukuluyo, Sisitele Bernadette, anawalandila ataimilila. Anati osankhidwa apatsidwa masiku khumi ndi anayi kuti afike, mpaka belu la masana la tsiku lomaliza. Wina akalephela, odikila adzalembeledwa makalata motsatila manambala. Anawauza kuti abwelele kumudzi.

Amai Daka sanabwelele. Anali atakwela malole ambili pa moyo wao, ndipo anadziwa kuti pa anthu olembetsa malo sipalephela wina wosabwela, ndiponso kuti dalaivala satuma mthenga kumudzi. Amanyamula amene waima pamsewu.

Anapeza pogona m'shedi ya anthu odwazika matenda, kuseli kwa chipatala, iwo ndi Febby bulangeti limodzi. M'mawa anawelenga nshawa makumi atatu, n'kuzimanga pa ngodya ya chitenge, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi geti. Bokosi la mtsikana watsopano likalowa, ankadya nshawa imodzi. Mlonda wa pa geti, aBonaventure, nkhalamba yosowa wocheza naye, ndiye ankawauza kuti uyu ndi watsopano, uyu ndi wa chaka chatha. Tsiku loyamba anadya khumi ndi zisanu ndi ziwili. Tsiku lachiwili zisanu ndi imodzi. Kenako zinayamba kupita imodzi imodzi, masiku ena osadya n'komwe.

Kudikila sikunali khalidwe lao. Miyendo inkawayabwa. Ankaganiza za munda wa nshawa umene anausiya osapalila, udzu ukukula ngati wobzala. Febby anasiya kuwalankhula. Anati akumuchititsa manyazi pamaso pa atsikana ovala nsapato, ndipo ankakhalila kuwodi, kuthandiza gogo wina wa zilonda amene analibe womudwazika. Azimai a m'shedi atafunsa kuti wodwala wao ndani, amai Daka anayankha kuti alibe, akudikila kuti wina alephele kubwela. Kuyambila pamenepo azimaiwo anasuntha mphasa zao, ndipo mchele sanabwelekane nao.

Tsiku la khumi ndi chinayi linacha ndi nshawa imodzi m'chitenge. Anaigwilagwila m'mawa wonse, maso ali kumsewu. Belu la masana litalila, anaimilila, nakung'untha fumbi, nalowa mu ofesi osagogoda.

Sisitele Bernadette anavomela kuti bedi limodzi latsala. Koma patsogolo pa Febby panali atatu, wa ku Lundazi, wa ku Chama ndi wa ku Katete, ndipo kalata iyamba kupita kwa woyamba.

"Kalata ya ku Lundazi, mvula ino?" anatelo amai Daka. "Ikafike, ayankhe, apeze basi. Akakana mulembele wa ku Chama, kumene ngakhale lole sifika. Mwezi uthe, bedi likugona lokha, anzake aphunzila. Wanga ali panja apo, Asisitele, ndi bulangeti lake."

Sisitele anatsegula faelo, nanena kuti mamakisi a sayansi ndi otsika kwambili, ndipo atsikana otele ambili amagwa pa mayeso oyamba. Amai Daka anati mapepalawo sangawawelenge, ndiye sangatsutsane nao. Koma pogula nshawa munthu sakhulupilila zolembedwa pathumba, amapisa dzanja. Anafunsa kuti ndani wakhala akuchapa nsalu za gogo wa zilonda uja masabata awili onsewa, pamene ena ankatseka mphuno.

Sisitele anatseka faelo. Anali atamuona Febby akuchapa.

"Mumuyese mwezi umodzi. Akalephela ndidzabwela kudzamutenga ndekha, simudzaononga sitampa."

Anakangana mpaka ola linatha, Sisitele akubwelela ku lamulo, amai Daka akubwelela ku bedi. Pomaliza Sisitele anavula magalasi, natikita m'maso, nalemba dzina. Anati mwezi umodzi, osapitilila.

Febby analowa pa geti ndi bulangeti lija kukhwapa. Anagwada pang'ono, nati, "Muyende bwino amama," maso ali pansi, ndipo sisitele wina anamutenga. Amai Daka anafuna kumuuza kuti asamayankhe akulu, kuti azidya ngakhale ndiwo zitaipa, koma mtsikanayo anali atakhota kale pa ngodya ya nyumba. ABonaventure anali atapita kukadya. Panalibe wotsanzikana naye.

Kuchoka pa mishoni kukafika pa msewu wa tala panali ulendo wa maola awili. Ali pakati, anakumana ndi bambo wina akukankha njinga, bokosi latsopano lobiliwila litamangidwa kumbuyo ndi mphila. Matope anali atamufika m'ntchafu. Pambuyo pake panali mtsikana wowonda, nsapato zili m'manja.

Bamboyo anapeleka moni mwaulemu, nati ndi aSakala a kwa Nyampande. Anati mtsinje wa kwao unadzaza, anadikila masiku anayi kutsidya, ndipo lelo angowoloka bokosi lili pamutu. Mwana waoyo, Jennipher, anakhoza divishoni wanu, yapamwamba pa zonse, woyamba m'mudzi monse. Anaseka ponena kuti lelo ndi tsiku lomaliza, koma tsiku silinathe, dzuwa likadalipo. Kenako anafunsa ngati mishoni ili patali.

Amai Daka anayang'ana bokosilo, dzina lolembedwa ndi penti yoyela, zilembo zimene sakanatha kuwelenga. Kenako analoza kumene anachokela.

"Mukadutsa mitengo ya bulugamu ija, geti lili kumanja."

ASakala anathokoza kawili, nakankha njinga. Amai Daka sanacheuke.

Pa tala anakhala okha pa mwala, kudikila basi ya ku Nyimba. Mvula inayamba kuwaza, ndipo analibe chofunda. Njala itawagwila anamasula ngodya ya chitenge, napeza nshawa ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kubwelela sakanabwelela, ndipo akanati ayambilenso akanachita chimodzimodzi. Koma kuidya sanathe. Anaimanganso, mfundo ziwili, nayang'ana kumene basi imachokela.