Jekete ya pa Thanthwe

A Levison anakoka kachikwama kakuda pamphasa n'kukapanikiza pakati pa mawondo awo, ndipo pabwalo ponse panangoti zii. Anthu anali atangometa m'mawa womwewo, mitu yonse ili mpala, mphepo ya m'phiri la Chongoni ikuluma makutu. Katundu wa malemu a Anselmo anali atayalidwa poyera monga mwa mwambo: njinga, makasu, wailesi, nsapato za kutchalitchi. Malemuwo anali mkamwini m'mudzimo, choncho zawo zinali za kwawo, ndipo wogawa anali mng'ono wawoyu. Jekete ya malemu, yabulauni, yazigamba pakolala, a Levison anali ataivala kale.

Sandra, mwana wachisamba wa malemu, anayang'ana mayi ake. Mayi Rute anayang'ana pansi. Mtsikanayo anasendera chogwada n'kupempha mwaulemu kuti njinga atenge, wailesi atenge, koma kachikwamako amusiyire, poti munali kompyuta, ndipo mu kompyutamo munali ntchito imene bambo ake anaisiya pakati.

"Ntchitoyo ndi imene ndikuifuna ine," anatero a Levison osamuyang'ana n'komwe. "Ithere pomwe wathera mwini wake."

Ntchito yake inali iyi. Atapuma pa uphunzitsi, a Anselmo anayamba kuperekeza alendo kumapanga a m'nkhalango, kumene kuli zojambula zamakedzana pamatanthwe. Mzungu wina amene anadzaphunzitsako kusekondale anawasiyira kakompyuta konyamula m'manja, n'kuwatsegulira tsamba pa intaneti. Ku Dedza m'chaka cha 1999, abale, zimenezi zinkamveka ngati nkhani za kumowa. Tsambalo linali ndi dzina lakelake, loti munthu ali kutsidya kwa nyanja akalilemba pa kompyuta, zithunzi za a Anselmo zimamutulukira. Anthu ankawaseka kuti ukalamba wawazunguza mutu, koma alendo ankatsikadi basi pa Linthipe, mapepala m'manja, akufunsa njira ya kwa a Anselmo.

Tsopano kakampani ka mzungu uja, kamene kankasunga tsambalo pamakina ake, kanali kutseka mwezi ukatha. A Anselmo anali atapeza kale osunga atsopano ku Lilongwe, ndipo Sandra, amene ankagwira ntchito yotayipa mu ofesi kumeneko, anali atakatula zithunzi zonse. Chinatsala n'chimodzi: kusamutsa dzina. Oyang'anira mayina ankatumiza uthenga ku imelo ya mwini dzina kufunsa ngati wavomereza, ndipo yankho linayenera kuchokera ku imelo yomweyo. Mawu otsegulira imeloyo panalibe amene ankawadziwa, chifukwa kakompyutako kankatsegula kokha. A Anselmo anagwa m'munda wa mbatatesi asanayankhe. Popanda yankholo, dzinalo likanatsala likuloza makina ozimitsa, ndipo zaka zonse zimene bambo ake anathera kukwera mapiri zikanapita pachabe. Izi n'zimene zinkamudya Sandra mumtima.

Koma tisawanamizire a Levison, sanali munthu wadyera ayi. Nawo anali ndi chowadya. Onse awiri, iwo ndi mkulu wawo, anagula njira kudambwe ali anyamata. Mkuluyo pambuyo pake anabatizidwa n'kusiya. Mng'onoyu anatsala, mpaka anakhala mmodzi wa akuluakulu a gule kwawo. Zojambula zina m'mapangamo, zoyera zija, iwo ankazidziwa kuti ndi za Nyau, zosayenera maso a mkazi kapena mlendo. Ndiye mphekesera, inu, ya pa Linthipe imathamanga kuposa minibasi. Inawanda kuti Anselmo wagulitsa gule kwa azungu, kuti zakudambwe dziko lonse likuziona ngati kanema. A Levison anasenza manyazi amenewa zaka zingapo. Tsambalo anali asanalionepo, koma kwa mkulu wawo anasiya kupondako, ndipo pamaliro anakhala patali pamene kwaya inkaimba.

Masana a tsiku logawa katundulo, Sandra anapeza mayi ake kuseri kwa nyumba akusenda mbatatesi zimene malemu anasiya atakumba. Asanayambe n'komwe kulankhula, mayi Rute anamuuza kuti aleke. Iwo anali asanasudzulidwe, malata a padenga anagula ndi malemu, ndipo munthu sakangana ndi alamu ake zinthu zili chonchi. Anati kompyuta sadya, tsamba safunda. Sandra anayankha kuti bambo ake akanamva mawu amenewo akanadwala, ndipo mayi ake anamukumbutsa mokalipa kuti iye mawa akwera basi kubwerera ku tauni, otsala ndi alamuwo ndi iwo.

Kenako mpeni unaima. Chimene chinawapweteka kwambiri, anatero mayi Rute, ndi jekete. Anaisoka pakolala kosawerengeka, poti malemu nthawi zonse akapita kumapanga ankabwera nayo itabooka pamalo amodzimodzi, iwo eni akunjenjemera ndi chisanu. Akawafunsa ankangoti ndi minga.

Sandra anaseka misozi ili m'maso. Jekete imeneyo inawawonongera bambo ake zithunzi zambiri. Thanthwe lokongola, zojambula zofiira zikuoneka bwinobwino, koma pakatikati, taonani, jekete ili lende pandodo ngati choopsezera akhwangwala m'munda. Iye anawauzapo kuti wojambula weniweni sasiya zovala zake pachithunzi, ndipo anadzipereka kuti adzabwereke kamera ya ku ofesi akajambulenso zonse mwadongosolo. A Anselmo anakana kwamtuwagalu, osapereka chifukwa.

Kutacha, Sandra sanakwere basi. Anadutsa kanjira ka m'mbali mwa nkhalango kupita kwa abale a bambo ake, ndipo anapeza a Levison kuseri kwa khola la mbuzi akukumba dzenje, kachikwama kali pambali. Anagwada chapatali n'kupereka moni monga mwana. Ndiye anawauza zoona zake. Kukwirira kompyuta sikufufuta zimene anthu aona kale. Dzina likatayika, wina aliyense angalitole n'kuikapo zimene akufuna, ndipo pabanja sipadzakhala woletsa.

"Bambo, tiyeni mukaone ndi maso anu," anatero. "Mukapeza ngakhale chimodzi chosayenera, ndichifufuta ndekha, ndipo dzenjeli ndidzakuthandizani kufotsera."

Khasu linaima m'mwamba. "Iwe unaziona?"

Sandra anavomera, ndipo nkhope ya a Levison inachita mdima. Iye anafulumira kunena kuti anaona miyala, mitengo ndi mizere yofiira basi, koma iwo anamudula pakamwa. Mwana wamkazi, wakutchalitchi, angadziwe bwanji kuti ichi n'choletsedwa? Akanatha kuchiyang'ana tsiku lonse osazindikira kuti waona chiyani. Anatsamira khasu, mbuzi zikulira m'khola. Pomaliza anati apita, koma aona okha, iye asaponyeko diso.

Batire inali itatha, choncho anayenda mpaka pa Linthipe, kwa Alufeo, amene anali ndi kachipinda koimbira telefoni kuseri kwa golosale yake. Kumeneko n'kumene malemu ankalumikiza kompyuta yawo. Njira yonse a Levison anali patsogolo, kachikwama m'khwapa, osatembenuka. Alufeo anapepesa maliro n'kuwaonetsa soketi ndi waya wa telefoni, ndipo a Levison anamupempha kuti atuluke, atsekenso chitseko. Kunja ogulitsa kabichi ankathamangira minibasi.

Vuto linali loti a Levison kompyuta sankadziwa ngakhale poyatsira. Sandra anaiyatsa, anatsegula zithunzi za patsamba lija, n'kuika chala pabatani loyendetsera. Kenako anamasula chitenje chapamwamba n'kudzifunditsa kumutu mpaka m'mapewa ngati namwali wa m'tsimba.

"Kwina," anatero a Levison. Iye anadina.

Mkati mwa chitenjemo munali mdima ndi fungo la utsi wa pamaliro. Sandra ankangomva kupuma kwa bambo ake aang'onowo ndi kulira kwa mpando akamasendera pafupi. Kwina. Kwina. Mawuwo ankatuluka mouma ngati a munthu wolondola mapazi a mbava. Thukuta linayamba kumutsika m'khosi ngakhale kunali chisanu. Nanga chitapezeka chimodzi? Nanga bambo ake atakhala kuti anachitadi zimene anthu ankanena, iye n'kuzinyamula yekha kukazitula ku Lilongwe? Anachita mantha enieni, ndipo chala chinayamba kuterera pabatani.

Kenako mawu aja analeka. Panapita nthawi, mpando osalira, munthu osatsokomola. Sandra mumtima anati basi, chapezeka.

"Bwerera m'mbuyo."

Anabwerera.

"Bwereranso."

Mawuwo anali atasintha, akumveka ngati a munthu wa chimfine. Anamubwezetsa choncho mpaka pafupi ndi poyambira, kenako anamuuza kuti avundukule. Sandra anazengereza poopa kuona zosaona, koma iwo anabwereza kuti avundukule, palibe choopa.

Pagalasi panali chithunzi chimene iye ankachidziwa bwino, chimodzi mwa zowonongeka zija: phanga lalitali, mizere yofiira kumanzere, ndipo chapakati jekete yabulauni itakolekedwa pandodo yotsamira thanthwe, manja ake atatambasulidwa. A Levison anali atavula jekete yomweyo n'kuiyala pamawondo.

"Phanga ili ndimalidziwa ngati nyumba yanga," anatero motsitsa mawu. "Chimene chili kuseri kwa jeketeyi si chako, si cha azungu. Zithunzi zonse tadutsazi, paliponse pamene pali zathu, achimwene anaphimba. Sanaphonye n'pamodzi pomwe."

Sandra anayang'anitsitsa chithunzicho ngati akuchiona koyamba. Manyazi ndi chisoni zinamugwira nthawi imodzi pokumbukira mmene ankawasekera bambo ake, iwo n'kumangomwetulira, kumulola kuti aziwayesa wojambula wosadziwa. Munthu wakuti anasiya dambwe kalekale, wakuti Lamulungu lililonse ankawerenga mawu kutchalitchi, koma akafika kuphanga ankavula jekete pachisanu cha ku Dedza kuti asunge za mng'ono wake. A Levison anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Anati malemu anabwerapo kwawo kudzawaitana kuti adzaone okha, koma iwo anauza akazi awo kuti anene kuti achoka.

Patapita kanthawi anafunsa kuti nanga uthenga unkanenedwa uja uli kuti. Sandra analowetsa waya wa telefoni, ndipo kompyuta inayamba kulira ngati wailesi yosowa siteshoni. Inalira, inalira, n'kuduka. A Levison anamuyang'ana ndi maso ofunsa ngati ndi iwo awononga. Sandra anayesanso, n'kudukanso, poti mawaya a telefoni masiku amenewo ankagwira akafuna okha. Ulendo wotsatira inagwira. Uthenga unalipo, wachizungu, ukudikira, dzina la a Anselmo lili pamwamba. Sandra anaumasulira: kodi mwini dzina akuvomereza kuti lichoke kwa osunga akale lipite kwa atsopano?

Analemba mawu ovomereza, koma atafika potumiza dzanja linakana. Kuyankha m'malo mwa munthu amene dothi la pamanda ake linali lisanaume kunamulemera.

"Batani lake ndi liti?" anafunsa a Levison.

Sandra analoza.

"Ine ndine mng'ono wake. Zimene anasiya pakati, womaliza ndine."

Anadina ndi chala chawo chokhakhala ndi khasu, mwamphamvu mpaka kakompyuta kanasuntha patebulo. Uthenga unapita. Sandra anawafotokozera kuti papita masiku angapo dzinalo lisanayambe kuloza ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake adzalembetsa mwadongosolo kuti mwini wake anamwalira. Iwo anangogwedeza mutu. Anatseka okha zipi ya kachikwama n'kukakankhira kwa iye, ndipo anamutuma kuti akauze mayi ake kuti za kusudzula abwera akambirane, asade nkhawa ndi denga.

Atatuluka anapeza kunja kwachita nkhungu, kamvula kowaza kakuyamba, amayi a pamsika atadzikulunga m'zitenje. Sandra anawakumbutsa kuti avale jekete. A Levison anaitembenuza n'kuyang'ana pakolala. Panali chigamba pamwamba pa chigamba, ulusi wakuda wa mayi Rute, ndipo pambali pake kabowo katsopano kamene sanathe kukasoka. Analowetsamo chala, pomwe ndodo inkalowa.

"Ukadzafuna kujambula mapanga ena, udzandiitane," anatero. "Ndidzabwera nayo."

Anaipinda bwinobwino n'kuikoleka pamkono. Ndipo anayamba ulendo wobwerera ku Chongoni ali ndi shati yokha, mapewa akunjenjemera ndi chisanu.