Chingwe cha Nsapato ya Rogers

Edinah anali akupinda malaya a bambo ake kachitatu pamene mchimwene wake Rogers ananena kuti sapita.

"Kuntchito sandilola," anatero, maso ali pawindo. "Supavaiza wanena kale. Khalas, zatha basi."

Rogers sanadziwepo kunama. Kuyambira ali mwana, akamanama ankalankhula ndi windo.

A Potiphar Chikaonda anabwera ku Dubai ndi akazi awo, a Dorothy, kudzaona khanda la Edinah. Patatha milungu itatu anagwa m'bafa kunyumba kwa Edinah ku Discovery Gardens, ndipo Lamulungu anamwalira kuchipatala. Thupi linali loti linyamuke Lachinayi kupita ku Lilongwe. Edinah sakanakwera ndege, chilonda cha opaleshoni chinali chisanapole. Rogers akakana, mayi awo, amene pobwera anasochera kawiri pabwalo la ndege, akanayenda okha ndi bokosi.

"Achimwene, ndi bambo anu," anatero Edinah.

"Anali bambo wa timu. Uwaitane anyamata awo adzawatenge."

A Chikaonda ndiwo anayambitsa masewera pa koleji ya aphunzitsi ya kwawo, kalelo kulibe ngakhale bwalo. Magolo anakadula okha mubulugamu. Kaamba ka basiketibolo anakhomera limu ya njinga pamtengo, anthu n'kumati mphunzitsi uyu wazungulira mutu. Nsapato zoyamba zitafika, anyamata ambiri anali asanavalepo, ankangodziponda zingwe n'kugwa chafufumimba mpira usanawafike. Ndiye kochi anayamba kugwada n'kumamangira aliyense wolowa m'bwalo: mfundo ziwiri, kenako kambama pakakolo, ndi mawu amodzi, "Lowa." Anachita zimenezi zaka makumi atatu, ngakhale kwa anyamata a m'tauni amene anabadwa atavala kale nsapato. Womangiridwa ankadziwa kuti lero akusewera.

Rogers anakhala pabenchi zaka zitatu pa koleji yomweyo, akumanga yekha. Bambo ake ankaopa kuti anthu anganene kuti akukondera mwana wawo, ndipo mantha amenewo anapyola muyeso. Zinamupweteka Rogers. Lero ali ndi imvi m'ndevu, akulondera pa sitolo yaikulu ku Karama, mu Dubai momwemo, koma zikumupwetekabe.

A Dorothy anali pampando, mdzukulu ali pamiyendo. Anamupereka kwa Edinah.

"Rogers, Loweruka lija unabwera kuchipatala utavala yunifomu. Bambo ako anatsitsa dzanja pansi pa bedi. Unawapatsa chiyani?"

"Patapata. Ankafuna patapata."

"Munthu wosatha n'kudzuka komwe, patapata za chiyani?" Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Chingwe chako chinali chitamasuka. Utatuluka anandiuza kuti, 'Mwana uja wapita osamanga.' Pakamwa panali patapotoka, koma ndinamva."

Rogers anachoka pawindo.

"Mwina ankangoopa kuti ndigwa."

"Mwina. Koma ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, dzanja lija ndimalidziwa. Linali la tsiku la gemu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anakulakwira, mwanawe. Ankadziwa. Kupepesa ndi pakamwa sankatha, iwenso ukudziwa. Chimene ankatha ndi chomwecho."

Rogers anaweramitsa mutu. Nsapato zake zantchito zinali zakuda, zopukutidwa bwino, koma chingwe cha kumanzere chinali chikukwekwereka pansi monga mwa masiku onse. Anakhala pamphepete pa bedi, pafupi ndi sutikesi ya bambo ake.

"Ndinawapatsa patapata," anatero motsitsa. "Anazilandira, n'kuziika pachifuwa."

A Dorothy anatsika pampando pang'onopang'ono, atagwira tebulo.

"Amama, mawondo anuwo," anatero Edinah.

A Dorothy anasiya tebulo. Anagwada, nakoka phazi la mwana wawo wamwamuna, namanga mfundo yoyamba, kenako yachiwiri. Zala zawo zinachedwa, chifukwa ntchitoyi ankangoiona pamene amuna awo akuichita. Atamaliza anamumenya kambama pakakolo.

"Lowa."

Rogers anayang'ana mfundo zija nthawi yaitali.

"Edinah, ndege ikunyamuka nthawi yanji Lachinayi?"

"Cham'mawa, achimwene."

Rogers anagwedeza mutu. Kenako anamasula yekha chingwe cha kumanja, natambasula phazi linalo.