Mafunso Osafuna Yankho

"Bwereza pamenepo," ndinamuuza Tamiwe, mpeni uli m'manja, dzungu nditalisiya long'amba pakati.

Mwana wangayo, wa giredi 11, anali chigonere pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Aphunzitsi anawapatsa ntchito yochitira kunyumba: afotokoze mmene mwamuna wa m'buku lawo amakopera mkazi ndi mawu. Anawerenganso. Mawuwo ankayenda ngati madzi a m'ngalande ya kudimba, ndipo ine ndinatsinzina. Ndinadziona ndili mtsikana pamsewu wa ku Mtenguleni, mapazi osagunda pansi, fumbi likununkhira sopo.

"Apa akutchula dzina lake katatu kuti mtima ufewe," anatero Tamiwe uku akulemba. "Apa akumufanizira ndi mwezi. Awa ndi mafunso osafuna yankho, cholinga mkaziyo azingogwedeza mutu."

"Ndiye kuti ndi wabodza?"

"Aphunzitsi akuti ndi waluso, Amama." Anandiyang'ana cham'mbali. "Ngati a Enoch aja."

Ndinamugenda ndi nthanga. Sukulu yanji yothothola mawu a munthu ngati nkhuku? Ine ndinalekeza giredi 5, koma ndikudziwa kuti chothothola sichiuluka. Chimwalirireni bambo ake a Tamiwe, mwamuna aliyense wobwera pano ankaponya maso padenga la malata ndi kumunda. Agalu! A Enoch okha, telala wa mumsika wa Kapata, ndiwo ankanena za maso anga. Ndipo tsiku lomwelo, Lamulungu, ankabwera kudzamva ngati ndawalola.

Anafika mitambo itachita bii kumapiri, atavala jekete yosoka okha. Anatsamiritsa njinga pamtengo, nakhala pakhonde.

"Amake Tamiwe. Amake Tamiwe." Ndinadikira. "Amake Tamiwe."

Katatu! Magazi anandiwira. Posakhalitsa mwezi nawo unatuluka m'kamwa mwawo, masanasana. Kenako anagwira pamtima.

"Kodi duwa lingaphuke pamwala? Mkazi ngati inu adzadya yekha mpaka liti? Ndani angatseke mtsinje?"

"Pamwala silingaphuke," ndinatero. "Sindidya ndekha, ndili ndi mwana. Mtsinje anthu adautseka kale, mukaone damu la Lutembwe. Funso lina?"

Mawu awo onse aja anabalalika ngati mpheta zoingidwa m'mapira. Kuseri kwa chitseko Tamiwe anatsokomola. Ndinafuna kuwathira madzi onse awiri, iye ndi aphunzitsi akewo, pondidzutsa ndisanamalize kulota.

A Enoch anayang'ana zala zawo zobooledwa ndi singano. Mphepo inadutsa, ikununkha mvula. Atayankhulanso, mawu awo anali ena, osasita.

"Chimwalirireni akazi anga a Ketilina, m'mawa ndimathirabe tiyi m'makapu awiri. Ndimazindikira nditaika kale shuga. Ndiye ndimangokhala n'kumaiyang'ana kapu inayo mpaka izizire."

Ndinawatembenuza mawuwo uku ndi uku, kufunafuna pomwe abisa mbedza. Sindinapapeze.

"Tamiwe! Usaname kuti sukumva. Izi m'buku lakolo amazitcha chiyani?"

Ndinamva mapepala akutembenuzidwa.

"Mulibe, Amama."

Madontho akuluakulu anayamba kugogoda malata. A Enoch anaimirira, akukoka jekete, maso ali kunjira.

"Khalani pansi, inu," ndinawakalipira. "Mukufuna chibayo?"

Ndinatsika pakhonde mvula ikundimenya kumsana, ndinagwira njinga yawo n'kuikwezera m'nyumba. Ndinaiimika pafupi ndi matumba a chimanga, n'kupukuta chishalo chake ndi nsonga ya chitenje changa.